Wosema Uta wa Yew Ankachita Fizikisi Hooke Asanabadwe

Mu 1545 sitima yankhondo ya mfumu Henry VIII ya ku England, yotchedwa Mary Rose, inamira pafupi ndi doko la Portsmouth. Inakhala m'matope a pansi pa nyanja zaka zoposa 400, mpaka mu 1982 pamene anaivuula. Mwa katundu amene anapezeka m'sitimayo munali mauta athunthu 137 ndi mivi yoposa 3,500. Mautawo anali osemedwa kuchokera ku mtengo wotchedwa yew, ndipo ambiri anali otalika pafupifupi mamita 2, kuposa msinkhu wa munthu wowakoka. Akatswiri amene anawayeza akuti pofuna kukoka uta umodzi mpaka kukhutu pankafunika mphamvu yonga yonyamulira makilogalamu 45 mpaka kupitirira 80. Kuti mumvetse bwino, uta umene amuna amapikisana nawo ku Olympics lero umafuna makilogalamu pafupifupi 20 basi.

Tsono taonani zaka izi. Robert Hooke, mwini lamulo lija mumaloweza la F = kx, anabadwa mu 1635, patapita zaka 90 chimirireni sitimayo, ndipo lamulo lakelo analifalitsa mu 1678. Amisiri amene anasema mauta a mu Mary Rose analibe formula, analibe graph, ambiri mwina sankatha n'kulemba komwe.

Maganizo anga ndi akuti anthu amenewa ankachita Fizikisi yeniyeni, ndipo njira imene ankagwirira ntchito ndi imene inu muyenera kuphunzirira phunziroli. Ambiri mwa inu Fizikisi mumaitenga ngati mndandanda wa zoloweza, zokalavula pa pepala la mayeso kenako n'kuiwala. Ntchito zamanja mumaziona ngati za anthu amene sukulu inawakanika. Zonse ziwirizi n'zolakwika, ndipo uta wa yew utithandiza kuona chifukwa chake. Ndinenereretu kuti m'Chichewa force ndi energy zonse timangoti mphamvu, ndiye pano ndizigwiritsa ntchito mawu a m'kalasi kuti tisasokonezane.

Chinthu chikapindika, mumachitika ziwiri

Tengani chofufutira cha labala chija chamakona anayi, mujambule timizere toimirira m'mbali mwake motalikirana mofanana, kenako muchipinde. Muona kuti kunja kwa kupindikako timizere tatalikirana, pamene mkati tayandikirana. Ndiye kuti mbali yakunja ikukokedwa, yamkati ikufinyidwa. Kukokedwako ndiye tension, kufinyidwako ndiye compression. Pakatikati pali mzere umene sukutalika ngakhale kufupika, ndipo zimene zili pafupi ndi mzerewo sizigwira ntchito yambiri. Ntchito yaikulu ili kumtunda ndi kunsi.

Uta nawo n'chimodzimodzi. Mbali yoyang'ana kumene muvi ukupita amaitcha msana, ndipo imakokedwa. Mbali yoyang'ana kwa wolasa amaitcha mimba, ndipo imafinyidwa. Vuto la wosema uta aliyense padziko lapansi ndi lomweli: kupeza chinthu chimene msana wake suduka pokokedwa, mimba yake siphwanyika pofinyidwa, ndipo ukachisiya chimabwerera msanga mwakale.

Yew, dzina lake lasayansi Taxus baccata, ndi mtengo wa m'gulu limodzi ndi paini ndi mkungudza. Umamera ku Europe, kumpoto chakumadzulo kwa Africa ndi mbali zina za kumadzulo kwa Asia, ndipo umakula pang'onopang'ono kwambiri. Ukaudula, umaona magawo awiri osiyana mtundu, monga mmene thabwa la mlombwa limakhalira ndi gawo loyera m'mphepete ndi lakuda mkati. Pansi pa khungwa pali gawo lopyapyala loyererako, lotchedwa sapwood. Mkati muli mtima wa mtengo, wofiirira, wotchedwa heartwood. Gawo loyeralo limapirira kukokedwa. Mtimawo umapirira kufinyidwa. Choncho mmisiri amasema ndodo yake kuti gawo loyera likhale kumsana, mtima ukhale kumimba. Mtengo umodzi, koma ukugwira ntchito ngati zinthu ziwiri zomatidwa pamodzi, popanda guluu.

Nzeru yomweyi mumaiona pa nyumba imene akumanga. Konkire ndi yolimba ikamafinyidwa koma imang'aluka ikakokedwa, n'chifukwa chake mu lintala ya pamwamba pa chitseko amaikamo zitsulo, ndipo zofunika kwambiri zimakhala chakunsi, kumene kumakokedwa lintalayo ikalemedwa pakati. Injiniya anachita kuwerengera. Wosema uta anazipeza poona mauta amene ankathyoka ndi amene sankathyoka.

Anthu anayamba kale kwambiri kudalira mtengo umenewu. Ötzi, munthu amene mtembo wake unapezeka mu ayezi m'mapiri a Alps mu 1991 atakhalamo zaka pafupifupi 5,300, anali ndi uta wa yew wotalika mamita 1.82, umene anali asanamalize kusema.

Kuchokera pa chipika kufika pa ndodo

Amisiri osema mauta mwanjira yamakolo alipobe lero ku England ndi kumaiko ena, ndiye tikudziwa mmene ntchitoyi imayendera.

Poyamba amafunafuna thunthu kapena nthambi yaikulu yowongoka, yosapotoka, yopanda mfundo zambiri. Pa yew zimenezi n'zosowa, chifukwa mtengowu umakonda kukhota ndi kuphuka tinthambi paliponse. Wabwino kwambiri ndi wokulira kumapiri kozizira, umene mizere yake ya chaka ndi chaka imakhala yothinana.

Chipikacho sachicheka ndi sowo. Amaching'amba m'litali pokhomera zitsulo zosongoka, kuti mng'aluwo utsatire kumene ulusi wa mtengo ukulowera. Sowo imadula mowongoka posasamala za ulusi, ndipo ulusi wodulidwa ndi pamene uta umadzayambira kuthyoka. Akang'amba, amamata phula kapena guluu kunsonga zonse ziwiri. Madzi amatuluka msanga kunsonga kuposa m'mbali, ndiye nsonga zikauma ndi kufota mkati mukadali monyowa, ndodo imang'aluka. Kenako amaiika pamthunzi podutsa mpweya kwa chaka kapena zaka zingapo, mpaka madzi otsalamo atakhala pafupifupi 10 peresenti. Ikakhala yonyowa kwambiri imapindika osabwerera. Ikauma mopitirira imathyoka ngati bisiketi.

Ikauma, amachotsa khungwa n'kupala gawo loyera lija mpaka litatsala pafupifupi theka la sentimita. Apa amayesetsa kutsatira mzere umodzi wa chaka kuchokera kunsonga ino mpaka inayo. Mtengo ukakwera kachitunda, nayenso amakwera nako. Akafika pa mfundo, amasiyapo nyama yochulukirapo. N'chifukwa chake mauta ambiri a mu Mary Rose ali ndi timabampu, si osalala ngati ndodo ya m'fakitale. Msana ndi umene umakokedwa, ndiye ulusi wake uyenera kukhala wosadukiza. Yesani kukoka pepala ndi manja awiri, muona kuti ndi lolimba ndithu. Ling'ambeni pang'ono m'mphepete, mukokenso. Lithera pomwepo, chifukwa kukoka konse kumasonkhana pa kabala kaja.

Kenako amasema mbali ndi mimba. Uta wa ku England ndi wopapatiza koma wonenepa, ndipo mutaudula pakati mungaone maonekedwe onga chilembo cha D, msana wophwatalalako, mimba yobulungira. Pakati ndi ponenepa, ndipo umanka nuwonda kulowera kunsonga. Chifukwa chake mukuchidziwa kale kuchokera pa phunziro la moments. Nsinga imakoka kunsonga, ndiye malo amene ali kutali ndi nsonga, kutanthauza pakati, ndi amene amalandira moment yaikulu. Kunsonga moment ndi yaing'ono, sikufunika nyama yambiri. Pomaliza amaveka nsonga zonse ziwiri tizidutswa ta nyanga ya ng'ombe tokhala ndi mpata wokolekamo nsinga, kuti nsingayo isadye mtengo.

Chenjezo limodzi: masamba, njere ndi khungwa la yew zili ndi poizoni woopsa kwa anthu ndi ziweto, ndipo fumbi lake limayabwa ndi kutsokomoletsa. Amisiri a lero amavala chotchinga mphuno ndi pakamwa akamapala.

Pamene pagona luso lonse

Mpaka apa tili ndi ndodo yooneka ngati uta, koma si uta. Chimene chimaisandutsa uta ndi ntchito yotchedwa tillering, kuiphunzitsa ndodo kupindika mofanana paliponse.

Mmisiri amakhazika ndodoyo pakati pake pamwamba pa thabwa loimirira lokhala ndi mano m'mphepete. Amamangirira nsinga yaitali yolendewera, n'kuikokera pansi pang'ono, kuikoleka pa dzino loyamba. Kenako amabwerera m'mbuyo mapazi angapo n'kuyang'ana. Kodi mbali ziwirizi zikupindika mofanana? Pali malo amene aumirira osapindika? Pali amene akupindika kuposa anzake? Malo ouma amawalemba chizindikiro, amatsitsa ndodo, n'kupala pang'ono pamenepo, kumimba kokha. Msana saukhudzanso. Akapala amaipindapinda maulendo angapo kuti mtengo uzolowere, amaibwezera pa thabwa, n'kuyang'ananso. Kupindika kukakhala bwino pa dzino limenelo, ndi pamene amapita pa dzino lachiwiri. Amachita zimenezi mobwerezabwereza, mwina maulendo makumi angapo, kenako amaika nsinga yaifupi yeniyeni, mpaka uta utafika masentimita pafupifupi 76 osadandaula paliponse. Pa nthawi yonseyi saukoka kupitirira force imene akufuna kuti utawo udzakhale nayo.

N'chifukwa chiyani amapala pang'onopang'ono chonchi, osangosema kamodzi n'kuthana nazo? Tengani rula yanu ya pulasitiki muipinde chafulati. Ikupindika mosavuta, eti? Tsopano itembenuzeni cham'mbali muyesenso. Yakana. Rula ndi yomweyo, pulasitiki ndi yemweyo. Chasintha ndi kunenepa kwa mbali imene ikupindika. Lamulo lake ndi ili: mukawirikiza kawiri m'lifupi mwa thabwa, kuuma kwake kumawirikiza kawiri. Koma mukawirikiza kawiri kunenepa kwake, kuuma kumawirikiza ka 8, chifukwa kumatsatira cube ya kunenepako: 2 × 2 × 2.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti pamalo pena uta ndi wonenepa mamilimita 20, mmisiri wapalapo milimita 1, patsala 19. Wachotsa 5 peresenti yokha. Koma 19 ÷ 20 ndi 0.95, ndipo 0.95 × 0.95 × 0.95 ndi pafupifupi 0.86. Malo amenewo afooka ndi 14 peresenti chifukwa cha kamilimita kamodzi. Ndipo zimene wapala sangazibwezerepo.

Choopsa china n'chakuti malo ofooka amadziwonjezera okha kufooka. Pamene pafooka ndi pamene pamapindika kwambiri. Pamene pakupindika kwambiri, ulusi wa kumimba umayamba kuphwanyika, ndipo pamaoneka timizere tating'ono topingasa. Ulusi ukaphwanyika, malowo amafookeratu, n'kumapindika koposa. Mapeto ake uta umathyokera pomwepo, mbali zina zonse zili bwinobwino. Uta wabwino ndi umene sentimita iliyonse ikusenza gawo lake la katundu. N'chifukwa chakenso mautawa ankakhala aatali: ndodo yaitali imafikitsa nsinga kukhutu popanda malo alionse kupindika mopitirira. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wosema uta wopupuluma amatsala ndi nkhuni.

Tsono bwererani muone zimene mmisiriyu akuchita. Akuyang'ana. Akuganizira pamene pali vuto. Akusintha chinthu chimodzi chokha, pang'ono. Akuyesanso kuti aone ngati anaganiza zoona. Sakudumpha malire amene chipangizo chake chingapirire. Zimenezi ndi zomwe timakuuzani pa practical iliyonse: sinthani variable imodzi, zina zonse zikhale chimodzimodzi, bwerezani kuyeza. Kwa ine umenewu ndiye mtima wa sayansi. Formula imabwera pambuyo, kudzafupikitsa zimene kuyesa kwapeza.

Energy imachokera kuti, imapita kuti?

Uta sulenga energy. Imachokera m'chakudya chimene wolasa anadya, imadutsa m'minofu ya msana ndi mapewa, n'kusungidwa mu mtengo wopindika ngati elastic potential energy. Akasiya nsinga, imasanduka kinetic energy ya muvi. Legeni yanu imachitanso zomwezo, kungoti iyo imasunga mu labala.

Tiyeni titenge manambala ongoyerekezera, osavuta kuwerengera. Tinene kuti uta ukakokedwa mpaka mapeto umafuna 500 N, pafupifupi kulemera kwa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Nsinga ikangokungidwa imakhala kale masentimita pafupifupi 15 kuchokera pa chogwirira, ndiye mtunda umene wolasa amaikoka ndi pafupifupi mamita 0.6. Uta wautali umatsatirako ndithu lamulo la Hooke: force imakwera pafupifupi mofanana ndi mtunda. Mukajambula graph ya force ndi mtunda mupeza mzere wokwera, ndipo energy yosungidwa ndi area ya pansi pa mzerewo, imene ndi triangle: ½ × 500 × 0.6 = 150 J.

Si yonse imene imalowa mu muvi. Ina imathera kuyendetsa mikono ya utawo ndi nsinga, ina imasanduka kutentha mkati mwa mtengo, ina phokoso ndi kunjenjemera kumene wolasa amamva m'dzanja. Tiyerekeze kuti magawo 7 mwa 10 ndi amene afika, ndiye 105 J. Muvi wankhondo ukhale wolemera magalamu 60, amene ndi makilogalamu 0.06. Kuchokera pa ½mv² = 105, v² ndi 3,500, ndipo v ndi pafupifupi mamita 59 pa sekondi. Ameneyo ndi liwiro la makilomita oposa 210 pa ola. Muvi ungadutse bwalo lonse la mpira masekondi 2 asanakwane.

Nanga bwanji osangouponya muviwo ndi dzanja, poti energy ikuchokera m'thupi lomwelo? Chifukwa minofu ili ndi mphamvu koma ndi yochedwa. Wolasa amatenga sekondi imodzi kapena ziwiri kukoka, pamene uta umabweza zonsezo m'masekondi pafupifupi 0.02. Gawani 105 J ndi 0.02, mupeza power yopitirira 5,000 W. Ntchito ya uta ndi kulandira pang'onopang'ono n'kubweza nthawi imodzi.

Apa muthanso kuona chifukwa china chowondetsera nsonga. Nsonga ndi zimene zimathamanga kwambiri pa mtengo wonsewo, ndiye galamu iliyonse yosafunika kumeneko ikuba energy ya muvi. Muthanso kuona chifukwa chake olasa amaletsa kusiya nsinga popanda muvi: ma joule 150 aja alibe kopita, amabwerera mu mtengo, ndipo uta ungathe kusweka. Pomaliza, uta ukakokedwa kupitirira elastic limit, kapena ukasiyidwa wokunga masiku ambiri, subwereranso kuwongoka, ndipo umataya liwiro. N'chifukwa chake akamaliza kulasa amamasula nsinga.

Thupi nalo linkalipira. Mu 1363 mfumu Edward III inalamula kuti amuna aziphunzira kulasa Lamlungu ndi masiku a tchuthi, ndipo ambiri ankayamba ali ana. Pa mafupa ena a anthu amene anafera mu Mary Rose, kafupa ka pamwamba pa phewa kamene kamayenera kulumikizana munthu akamakula kanapezeka kosalumikizana, ndipo akatswiri amaganiza kuti chinachititsa ndi kukoka mauta olemera kuyambira ubwana.

Zimene mungandifunse

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, yew kuno kulibe, ndiye zikutikhudza bwanji?" Nkhani si mtengo, nkhani ndi kaganizidwe. Mauta ena akale kwambiri amene anapezeka athunthu ndi a ku Holmegaard m'dziko la Denmark, a zaka pafupifupi 9,000, ndipo ndi a mtengo wa elm. Elm sapirira kufinyidwa ngati yew, ndiye anthuwo anasema mauta otambalala ndi opyapyala. Thabwa lopyapyala likapindika, kumtunda ndi kunsi kwake sikukokedwa kapena kufinyidwa kwambiri, ndipo kuuma kumene kwatayika amakubweza ndi m'lifupi. Mtengo wina, yankho lina, Fizikisi yomweyo. Alenje a kwathu kuno nawonso ankasema mauta ndi mitengo ya m'tchire lawo, ndipo ankakumana ndi funso lomweli la msana ndi mimba.

Wina anena kuti, "Limenelo ndi luso chabe, si sayansi, chifukwa analibe manambala." Apa pali choona, ndipo sindikufuna muchoke pano mukunena kuti aphunzitsi akuti formula ilibe ntchito. Nzeru ya mmisiri imakhala m'maso ndi m'manja mwake. Ku England mwana ankakhala kwa mmisiri kawirikawiri zaka 7 kuti aidziwe ntchito, ndipo zimene wadziwazo zinali za uta basi. Lamulo la cube lija inu mwalimva m'mphindi zochepa, ndipo likugwira ntchito pa uta, pa mlatho, pa phiko la ndege, pa shelefu ya mabuku. Ubwino wa masamu ndi umenewo, nzeru imayenda kuchoka pa chinthu china kupita pa china. Koma kumbukirani kumene masamuwo anachokera. Galileo, mmodzi mwa oyamba kuwerengera kulimba kwa mitanda, anayamba buku lake la mu 1638 ndi kuyamikira amisiri okhoma zombo ku Venice, kuti munthu wofuna kudziwa za makina angaphunzire zambiri powaonerera. Ngati Galileo sanachite manyazi kuphunzira kwa amisiri, inu ndi ine tinyada chiyani?

Wachitatu anena kuti, "Pa MSCE sadzafunsa za uta." Mwina ayi. Koma lamulo la Hooke, elastic limit, moments, kusintha kwa energy, power, ndi kuwerenga graph, zonsezi ndi za m'kalasi mwanu, ndipo taziona zonse mu ndodo imodzi. Wophunzira amene anangoloweza amasokonezeka funso likangosintha maonekedwe, mwachitsanzo sipuling'i ikalowedwa m'malo ndi labala. Amene anapindapo chinthu n'kuyeza yekha amazindikira funsolo ngakhale litavala malaya ena.

Chimene sanayeze

Pali chinthu chimodzi chimene anthu a nthawi imeneyo analephera, ndipo nachonso ndi nkhani ya kuyeza. Mauta a yew anathandiza England kupambana nkhondo monga ya ku Crécy mu 1346 ndi ya ku Agincourt mu 1415, ndiye ankafunika ambirimbiri. Mitengo yabwino ya m'dzikomo sinakwanire, anayamba kuitanitsa kuchokera ku Spain, ku Italy ndi kumapiri a Alps. Mu 1472 anakhazikitsa lamulo lakuti zombo zamalonda zochokera kumaiko a yew zizibweretsa ndodo 4 za mauta pa tani iliyonse ya katundu. Pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, mitengo ikuluikulu ya yew inali itasowa m'madera monga Bavaria ndi Austria. Mtengo wotenga zaka makumi ambiri kuti ukule ankaudula tsiku limodzi, n'kupezamo ndodo zochepa chabe.

Mmisiri ankasamala milimita iliyonse pa ndodo yake, koma kudula kunkathamanga kuposa kumera, ndipo ogulawo sanaleke. Ife sitingawaseke. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, wadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu kuthengo chifukwa cha ubwino wa matabwa ake. Funso lakuti "chinthuchi chingapirire mpaka pati chisanathyoke?" ndi lofunika pa nkhalango monga lilili pa uta.

Kayeseni nokha

Sindikukutumani kukadula mitengo kapena kukalasana. Muvi sukufunika n'komwe. Pezani kachidutswa ka nsungwi yong'amba kotalika mita 1, mupale m'mphepete kuti kasakuchekeni. Khungu losalala lija likhale kumsana, chifukwa ulusi wolimba wa nsungwi uli chakunja. Mangani chingwe kunsonga zonse ziwiri kuti kapindike pang'ono. Kakolekeni pakati pa msomali wolimba, chingwe chili kunsi. Pakati pa chingwecho pachikani botolo la madzi la theka la lita, limene ndi pafupifupi 5 N, n'kuyeza ndi rula kuti chingwe chatsika masentimita angati. Onjezani botolo lachiwiri, lachitatu, mukulemba. Imani cham'mbali, nkhope kutali, chifukwa nsungwi ikathyoka imathowa.

Jambulani graph. Kodi mzere ndi wowongoka? Wayamba kukhota pati? Werengerani area mupeze ma joule amene mwasunga. Kenako chotsani mabotolo limodzilimodzi mukuyezanso, muone ngati chingwe chabwerera pamene chinayambira. Ngati sichinabwerere, mwadutsa elastic limit, ndipo mwaiona ndi maso anu. Pomaliza palani pang'ono mbali imodzi yokha ya kumimba, mupachikenso mabotolo, muone mmene kupindika kwapendekera. Mukatero yesani kupala mbali inayo mpaka zifanane. Mudzadziwa msanga chifukwa chake ntchito imeneyi inkatenga zaka kuti munthu aidziwe.

Ndipo mukadzadutsa pamene akukhoma denga, taimani muone mmene kalipentala waikira mapulanga. Sawagoneka chafulati, amawaimika cham'mbali. Mupatseni moni mwaulemu, mumufunse chifukwa chake. Yankho lake mulilembe m'kope momwe muli F = kx, kenako muliyerekeze ndi za rula ija.